Mankhwala a rituximab ndi chitetezo cha ana odwala khansa

Mu 2020, magazini ya New England Journal of Medicine inasindikiza zotsatira za kafukufuku wa Inter-B-NHL Ritux 2010. Ana 328 odwala khansa ya m'gulu la Burkitt lymphoma anagawidwa mwamaere m'magulu awiri. Gulu lina linalandira mankhwala a khansa a nthawi zonse, lina linawonjezeredwa rituximab. Patatha zaka zitatu, ana 94 mwa 100 alionse a gulu la rituximab anali moyo khansa isanabwerere, poyerekeza ndi 82 a gulu linalo.

Kafukufukuyu anachitika bwino ndipo zotsatira zake n'zodalirika. Koma pali mfundo ina imene ambiri amaidumpha. Rituximab imapha maselo a B, omwe ndi gwero la ma antibody, asilikali a m'magazi olimbana ndi tizilombo. Patatha chaka, ana okhala ndi ma antibody ochepa a mtundu wa IgG m'gulu la rituximab anali pafupifupi kuwirikiza kawiri a gulu linalo.

Nkhawa yanga ili pa kumene kafukufukuyu anachitikira. Anachitikira m'maiko olemera, kumene mwana akatentha thupi amafika kuchipatala msanga, amayezedwa IgG, ndipo akafunika amalandira ma antibody kudzera m'mitsempha. Phindu la rituximab linaoneka pamodzi ndi chisamaliro chonsecho.

Kuno ku Malawi Burkitt lymphoma ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri mwa ana. Mwana wolandira chithandizo ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central nthawi zambiri amabwera atanyentchera kale, ndipo amabwerera kumudzi kumene kuli malungo, chipatala chili kutali. Kwa mwana wotere kuchepa kwa IgG kungakhale koopsa kwambiri, ndipo kafukufukuyu sangatiuze kukula kwa ngoziyo. Choncho kafukufuku wa rituximab pa ana athu aziyeza IgG ndi kulemba matenda onse amene mwana wadwala kwa chaka chathunthu, osangowerengera kutha kwa chotupa.

Inu alangizi a zaumoyo ndi ongodzipereka, dziwani kuti mwana amene wamaliza mankhwala a khansa chitetezo chake sichibwerera msanga. Akatentha thupi, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Musamubaye katemera wa chikuku musanafunse dokotala wake, ndipo onetsetsani kuti akugona m'masikito.