Sizasi, mapini ndi khoma la kuchipinda

M'chaka cha 1946, ku Paris, Henri Matisse anadula kambalame ka namzeze papepala loyera n'kukabaya ndi pini pakhoma la chipinda chake pofuna kubisa banga limene linkamunyansa. Anali atapitirira zaka 75, thupi litafooka chichitidwireni opaleshoni ya m'mimba mu 1941. Pambuyo pa namzezeyo panabwera nsomba, mbalame zina ndi zomera za m'nyanja zimene anaziona ku Tahiti mu 1930, mpaka makoma awiri anadzaza. Ntchito ziwirizo lero zimadziwika kuti Océanie, le ciel ndi Océanie, la mer.

Zipangizo zake aliyense angazipeze: pepala, sizasi ndi mapini. Pa ntchito zina, omuthandiza ankayamba apaka mapepalawo utoto wosungunula ndi madzi wa gouache, iye n'kumadula, nthawi zambiri osalemba kaye mzere wotsatira. Ambiri amatama kadulidweko, koma ine chimene chimandigwira mtima ndi mapini. Akatswiri osamala zithunzizi anapeza timabowo tambirimbiri papepala limodzi, umboni woti kachidutswa kankabayidwa, kuzulidwa, kutembenuzidwa n'kubayidwanso pena kufikira diso la mwiniwake litakhutira. L'Escargot (kutanthauza nkhono) ya 1953, yomwe ili ku Tate Modern ku London, ndi zidutswa zochepa chabe za mitundu yowala, zazikulu pafupifupi mamita atatu mbali zonse zikaphatikizana. Palibe nkhono yojambulidwa pamenepo. Kuzungulira kwa chigoba chake kukuchokera m'kapendekedwe ka chidutswa chilichonse ndi mpata woyera wosiyidwa pakati.

Apa ndi pamene zokongoletsa zambiri za m'zipinda zathu zimagwera. Munthu amatola zidutswa za chitenje kwa telala, n'kupeza katoni yolimba kugolosale, zomwe ndi nzeru yabwino ndithu. Koma tsiku lomwelo amatsegula guluu. Chikamatika chamatika, ndipo poona kuti china chake sichikukhala bwino, amawonjezera duwa apa, mkanda apo, mpaka diso kusowa popumira. Chitenje n'cholankhula kale mokweza. Mukaika mitundu isanu pamodzi zimakhala ngati anthu asanu akuyimba nyimbo zosiyana m'chipinda chimodzi. Nsalu imodzi yamaluwa akuluakulu ndi ina yopanda maluwa n'zokwanira, bola pakati pake patsale malo.

Chipinda chogona chilinso ndi zofuna zake. Chithunzi cha pabalaza amachiona alendo ataimirira kapena atakhala, masana. Cha kuchipinda mumachiona muli chigonere, m'bandakucha kapena usiku pa kuwala kochepa, pamene mitundu yakuda imasakanikirana ndipo chotsala ndi maonekedwe a m'mphepete okha. N'chifukwa chake tsamba limodzi lalikulu lodulidwa molimba mtima limaposa timaluwa makumi awiri tosaoneka mukazimitsa getsi lalikulu. Matisse mwiniwake zambiri ankaziyang'ana ali pabedi kapena pa njinga ya odwala, akuuza omuthandiza kuti akweze kapena atsitse. Bayani kaye zidutswa zanu ndi mapini, mugone nazo masiku angapo, muzisuntha pang'onopang'ono.

Sindikunena kuti tonse tidule namzeze ndi nsomba. Iye anadula zimene maso ake anasunga. Amene anakulira ku Thyolo ali ndi mizere ya minda ya tiyi m'mutu mwake, wa ku Nkhotakota ali ndi bwato ndi ukonde.

Nthawi yomata ikafika, samalani ziwiri. Phala la ufa wa chinangwa limamata bwino pepala, koma limaitana mphemvu, choncho guluu woyera wa akalipentala ndiye wodalirika. Ndipo khoma lonyowa m'nyengo ya dzinja limachititsa nkhungu kuseri kwa katoni, pamene dzuwa la pawindo limasulutsa nsalu, makamaka yofiira. Ikani timitengo tiwiri kumbuyo kuti mpweya uzidutsa, ndipo sankhani khoma limene dzuwa silifikapo.