Madzi amene Ejiofor anawafikitsa msanga

Mu filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, madzi amatuluka m'paipi njala ili pachimake. Makina amphepo amene William Kamkwamba wamanga ndi njinga ya bambo ake akuzungulira, dayinamo ikutchaja batire, batire likuyendetsa pampu, ndipo madzi a pachitsime akulowa m'mizere youma anthu a ku Wimbe akuonerera. Koma sizinachitike choncho. Makina amene William anamanga mu 2002 kwawo m'mudzi wa Masitala, ku Wimbe m'boma la Kasungu, ankayatsa mababu ndi kuliza wailesi. Njala ya 2001 ndi 2002 inatha pamene dowe ndi maungu zinacha m'minda. Madzi okoka ndi makina anadzafika pakhomopo patapita zaka, nyuzipepala ya Daily Times italemba za mnyamatayu mu 2006, iye atakayankhula pamsonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, anthu akufuna kwabwino atathandiza ndi ndalama. Pampu yoyambayo inkayendera mphamvu ya dzuwa.

Chiwetel Ejiofor, amene analemba filimuyi, kuitsogolera, komanso kusewera ngati Trywell, bambo ake a William, ankadziwa zonsezi, poti zili m'buku limene William analemba ndi Bryan Mealer mu 2009. Madziwo anawasuntha dala. Chimene chimandigwira mtima ndi mmene anawasunthira, chifukwa opanga mafilimu ambiri akafuna kukhotetsa mbiri amangothyola, woonera n'kumamva kuti apa andinamiza. Ejiofor anayamba kukonzekera madzi aja filimu ikungoyamba kumene.

Nkhani yonse waiyala motsata chaka cha mlimi, kuyambira kufesa mpaka kukolola, kenako njala, kenako mphepo. Madzi oyamba amene timawaona ndi owononga. Anthu agulitsa mitengo kwa a esiteti ya fodya, mvula yabwera yamkuntho, ndipo Trywell ali m'munda wodzaza madzi, mbewu zikumira iye akuona. Ife a kuchigwa cha Shire chithunzi chimenechi sitichita kufunsa. Filimuyi inatuluka pa Netflix pa 1 Malichi 2019, ndipo pasanathe sabata ziwiri mvula imene inadzakhala namondwe wa Idai inali itamiza midzi ku Nsanje ndi ku Chikwawa, anthu a ku Makhanga akuwoloka ndi mabwato kupita m'misasa. Mufilimumo, madzi akaphwera dzuwa limabwera, ndipo kamera ya Dick Pope imasiya zobiriwira n'kutsala ndi fumbi lofiira lokhalokha. Woonera amafika pakati pa filimu ali ndi ludzu lake, ndipo ludzu limenelo ndi limene limalandira madzi a kumapeto.

Zipangizo nazo zimalowa chimodzichimodzi, chilichonse pa nthawi yake. William amakonza mawailesi a anthu, ndiye tikudziwa kuti mawaya amawadziwa. Kudzala la zitsulo zakutha amapezako pampu yotayidwa, kalekale tisanaganize kuti idzagwira ntchito. Nyale ya panjinga ya mphunzitsi wake imayaka akapukusa tayala, n'kuzima tayala likaima, ndipo mnyamatayo amagwada n'kuiyang'anitsitsa. Palibe amene amaima kutifotokozera sayansi. Pofika tsiku lokweza makina pansanja ya mitengo, woonera wakhudza kale chipangizo chilichonse ndi maso ake, moti ngakhale agogo amene sanapite kusukulu angathe kulondola njira ya mphamvuyo kuchokera kumphepo kukafika kuchitsime.

Pa dayinamo ndi njinga m'pamene Ejiofor anasintha kwambiri, ndipo m'pamenenso luso lake likuonekera bwino. M'buku, dayinamo anamugulira mnzake, mwana wa mfumu. Mufilimu, dayinamo ndi imene Annie, mchemwali wake wa William, amasiya pakhomo pothawa ndi mphunzitsi uja, kuti pakhomo pachepe pakamwa pamodzi. Annie kuthawa ndi mphunzitsi nthawi ya njala zili m'buku momwemo. Ejiofor anangomanga nkhani ziwirizi pamodzi, kachitsulo kakang'ono kaja n'kukhala ndi mtengo wa mwana wamkazi. Za njinga, bambo ake enieni anazengereza koma anadzalola. Mufilimu mkanganowo ndi waukulu: bambo akuphwanya kamakina koyeserera, akulamula mwana kuti agwire khasu, anyamata akubwera kudzalanda njingayo, bambo n'kuima osasuntha. Munthu wa ku London angaone ngati ndi nkhanza za bambo wosaphunzira. Koma amene anaimapo pa siteji ya kabaza pa Nchalo kapena pa Ngabu amadziwa kuti njinga ndiyo imanyamula thumba la chimanga, wodwala wopita kuchipatala, ndi mwini wake popita kukasaka ganyu. Kuidula ndi sowo m'chaka cha njala n'chimodzimodzi kuphika mbewu yosungira kudzala. Ejiofor amasewera bamboyo ngati munthu amene akulondola pa chilichonse chimene akudziwa, ndipo n'chifukwa chake kugonja kwake kumapweteka.

Njala yeniyeniyo sanaikongoletse. Banja limakhala pansi kusankha kuti chakudya chimodzi cha patsiku chizidyedwa nthawi yanji. Munthu wanjala amalowa m'nyumba muli amayi ndi mwana wawo wamkazi okhaokha n'kutenga chakudya, ndipo nkhope yake si ya mbava yozolowera. William amakanganirana ndi khamu pa depoti ya chimanga cha boma, zitseko n'kutsekedwa anthu ambiri ali panja. Galu wake Khamba amafa. Mfumu imaimirira pamsonkhano wa pulezidenti kunena kuti anthu akuvutika, ndipo imamenyedwa kuseri. Chimenechinso chili m'buku, ndipo aliyense amene anali wamkulu nthawi imeneyo akukumbukira kuti chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa, ndi kuti boma la Bakili Muluzi linadzavomera za tsokali mu Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kufa. Ejiofor akanatha kuchotsa ndale zonsezi kuti nkhani ikhale ya mwana wanzeru ndi chilala basi. Anazisiya momwemo, kuti woonera adziwe kuti njala ija sinachokere kumitambo kokha.

Za Chichewa cha m'filimuyi Amalawi ambiri anadandaula, ndipo sanalakwe. Maxwell Simba amene akusewera William ndi wa ku Kenya, Aïssa Maïga amene ali mayi Agnes anabadwira ku Senegal, Ejiofor ndi wa ku Britain. Lily Banda akatsegula pakamwa ngati Annie, khutu limapumula. Komabe kusankha kuti pakhomo azilankhula Chichewa, Chingerezi chizimveka kusukulu, kunali kulemekeza mmene timakhalira, ndipo kunali kovuta kuposa kungolankhulitsa aliyense Chingerezi monga amachitira ena.

Kusuntha madzi kuja kuli ndi mtengo wake. Mlendo angatseke filimu akuganiza kuti mwana mmodzi ndi dayinamo anathetsa njala ya mudzi wonse. Kuno kuchigwa timadziwa kulemera kwa madzi. Shire amayenda chaka chonse, koma kuti akwere mamita ochepa okha kufika m'munda pamafunika mapampu aakulu ngati amene amathirira nzimbe pa Nchalo, kapena miyendo ya munthu yopalasa thiredo pampu mpaka dzuwa kupendeka, kapena ngalande yaikulu ngati imene ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira. M'zaka za chilala nzimbe zimakhala zobiriwira, amayi a midzi yoyandikana nayo ali m'dambo kuzula nyika, ng'ona zili momwemo. Batire limodzi la galimoto silingasinthe zimenezo.

Koma muonetsetse kukula kwa chimene Ejiofor anajambula. Madzi ake amatuluka m'paipi yopyapyala, n'kutsata tingalande tokumba ndi khasu, kuthirira kadimba kamene munthu angakazungulire akucheza. Sanaonetse minda yobiriwira mpaka kumapiri, ndiponso Annie sabwerera kwawo chifukwa choti madzi atuluka. M'buku, William amanena kuti ataona chithunzi cha makina amphepo pachikuto cha Using Energy, mulaibulale yaing'ono ya pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe, anaganiza za magetsi komanso za pampu yoti banja lake lizikolola kawiri pachaka. Ejiofor anatenga cholinga chimenecho, chimene chinadzatheka patapita zaka zisanu, n'kuchiika pamene mwanayo anachilota, pa mlingo wa dimba limodzi.