Thu shoti yatidanitsa mokwanira

Abale anga a kuno ku Mangalande, ndiloleni ndiyankhulepo za pool, ngakhale ena afunsa kuti namwino zam'mabala akuzitani. Ndimasewera mu ligi ya kuno ku Ilford masiku amene sindili pa naiti, ndipo chimene chimandiwawa si kugonja ayi, koma lamulo la thu shoti ndi kayimbidwe ka masewero athu.

Dera lino si lachilendo pa nkhani ya ndodo ndi mipira. Ronnie O'Sullivan ali mwana ankasewerera ku Ilford Snooker Centre, komwenso kunkakonzekerera Ken Doherty, amene anatenga ukatswiri wa snooker wa dziko lonse mu 1997. Mosconi Cup, mpikisano wa pool wa pakati pa Ulaya ndi America, unayambira pa Romford pompa mu 1994. Nanga bwanji ife tikukanganabe ngati tili pa thebulo la pa grosale kumudzi?

Vuto ndi loti aliyense amabwera ndi malamulo ake m'thumba. Pa malamulo akale a World Rules, munthu ukapanga faulo mnzako amasewera kawiri, ndipo kulakwa dala nkololedwa. Ndiye wochenjera amagwetsa dala mpira wa mnzake umene watseka bowo, kenaka masewero nkusanduka chibisalirano mpaka bala kutsekedwa. Pa Blackball mnzako amangopatsidwa shoti imodzi yaulere, kenaka nkupitiriza monga mwa nthawi zonse. Pamwamba pa izi pali malamulo a m'bala amene sanalembedwe paliponse. Funso lakuti kodi thu shoti imagwira ukatsala ndi wakuda yekha ladanitsa anthu amene anakwera ndege imodzi pa Chileka.

Ine ndili kumbali ya International Rules, amene World Eightball Pool Federation inayamba kutsata mu 2022. Mnzako akalakwa, umanyamula mpira woyera nkuuyika pamene ukufuna, basi. Chilangocho nchowawa, koma aliyense amachiona ndi maso, ndipo woyimbira savutika kuwerenga kuti mwatsala ndi mashoti angati.

Komatu lamulo labwino silithandiza ngati woyimbira ali womangika pakamwa. Mu ligi zambiri matimu amangosinthana kupereka woyimbira mwa osewera awo omwe. Kwa azungu mwina zimayenda. Ife tinaleredwa kuti wamkulu salakwa. Mnyamata amene anafikira pa sofa ya amalume atangotsika pa Heathrow angaloze bwanji kuti malaya a amalumewo akhudza mpira? Amayang'ana kudenga. Timu inayo yaona, yakhala chete, koma mwezi wamawa anthu aja simuwaonanso, ngakhale ku msonkhano wosonkha za maliro. Kumeneko ndiye kumene kumandiopsa ine.

Ku wadi, mankhwala monga morphine sindiwatulutsa ndekha m'kabati. Pamafunika namwino wachiwiri wosayinira, osati poti ndine wakuba, koma kuti pasakhale wokayikira mnzake. Michaela Tabb wa ku Scotland, amene ankayimbira Mosconi Cup nadzakhala mayi woyamba kuyimbira fayinolo ya snooker ya dziko lonse mu 2009, ankatontholetsa chigulu cha anthu oledzera chifukwa analibe mbali.

Pempho langa kwa makaputeni ndi ili: malamulo akhale amodzi, amatidwe pakhoma masewero asanayambe, ndipo woyimbira achokere ku timu imene sikusewera usiku umenewo. Ya basi tidzimusonkhera ife osewera.