Nsikidzi ndani m'nyumba ya a Park?

Abale m'gulu muno, sabata ino tiyeni tipumitseko mabuku, tikambe filimu. Ndikunena Parasite ya Bong Joon-ho wa ku South Korea, yomwe inatuluka mu 2019 n'kutenga mphoto ya Oscar ya filimu yoposa onse mu 2020. Amene simunaionere mundikhululukire, ndiulula zambiri.

Ambiri akaionera amati nsikidzi zake ndi banja la a Kim, poti analowa ntchito kwa a Park mwachinyengo, mmodzimmodzi, mpaka onse anayi. Ine ndikuti siyani kaye bodza lawolo, yang'anani nyumba.

A Kim amakhala m'kachipinda komira theka m'nthaka, komwe ku Seoul amati banjiha. Windo lawo lili pa msinkhu wa msewu, ndiye chidakwa chikamakodza panja iwo amaonerera akudya. Kwa a Park kuli kapinga, masitepe ndi zipinda zosagonamo munthu. Pansi pa nyumbayo palinso chipinda chobisika chimene eni akewo sakuchidziwa n'komwe, ndipo Geun-sae, mwamuna wa mayi wantchito wakale uja, wabisalamo zaka 4. Chinamulowetsamo n'chiyani? Geni yake ya makeke inagwa, akatapila n'kuyamba kumusaka. Inu amene munatengako katapila kuti mukapikule katundu, katunduyo n'kukuwolerani pabenchi, munthu ameneyu simungamuseke. Bambo Kim nawonso geni ya makeke omwewo inawagwera. Anthu awiri ovulala bala limodzi, koma atakumana sanagwirane manja ayi, analimbirana malo apansi pa nyumba ya mwini wake. Apa ndi pamene Bong walasa. Malo m'nyumbamo analipo ambiri, koma wosauka amawapeza pokhapokha akabisala ngati khoswe.

Onaninso mvula ija. Usiku umodzi madzi a m'zimbudzi anasefukira kwa a Kim, iwo n'kukagona pansi m'holo ya masewero limodzi ndi anzawo ambirimbiri. Kutacha, mayi Park ali pa foni kuyamikira kuti mvula yayeretsa kumwamba, phwando la mwana lichitikira pa kapinga. Musati ndi zamufilimu chabe. Mu Ogasiti 2022 anthu atatu a banja limodzi anamira m'banjiha ku Seoul komweko, ndipo akuluakulu a mzindawo analengeza kuti nyumba zotere azithetsa pang'onopang'ono. Kwathu kuno zinangotembenuka: ku Chilobwe osauka anakwera m'phiri la Soche poti kumusi malo ndi odula, ndipo mu Malichi 2023 Namondwe Freddy anawapeza komweko.

Komabe dandaulo ndili nalo. Filimu yonse, landilodi wa a Kim sitimuona. Ndani amatolera lendi ya dzenje limene lija? Ife a lendi timadziwa kuti mwezi suthera pa kalendala, umathera pa kugogoda kwa mwini nyumba. Bong watipatsa olemera aulemu, opusa pang'ono, amene tchimo lawo looneka ndi kutseka mphuno akamva fungo la wosauka. Choncho woonera amatha kutuluka akuganiza kuti vuto ndi mwano basi. Chonsecho a Park akanakhala osanyansidwa ndi fungo, a Kim akanabwererabe kudzenje madzulo. Munthu amene amadyera pa kusowa kwa nyumba, Bong wamusiya kunja kwa chithunzi.

Mathero ake okha sindiwatsutsa. Nyumba ija inakhala kanthawi yopanda munthu, kenako anthu ena n'kuigula, bambo Kim ali pansi pake mumdima, mwana wawo Ki-woo akulota kuti adzalemera n'kuigula kuti bambo ake adzatuluke. Kamera ikubwerera m'banjiha, mnyamatayo ali pompaja.

Ndiye tandiuzani m'makomentimu, makamaka inu olemba nkhani: munthu wanu akamagona, nyumbayo ndi ya ndani, ndipo lendi yake ndi zingati?