Amisiri Opima Kutentha Kosamveka

Mu 1965, James Gordon, Rogério Leite, Sérgio Porto ndi anzawo ku Bell Labs anafotokoza chodabwitsa china: kuwala kwa laser kukadutsa m'zamadzimadzi, pakati pamafunda kuposa m'mbali, zamadzimadzizo n'kusanduka ngati galasi lomwaza kuwala. Akatswiri opima zinthu anaonapo mwayi. Chosungunuka chilichonse chomeza kuwala, chichepe bwanji, chimatulutsa kutentha. Kuwala kwachiwiri kukadutsa pomwepo kumaulula kuchuluka kwa chosungunukacho.

Ine amene ndimawagomera ndi amisiri ochepetsa zipangizo zopimira mwa njirayi. Kale zinkadzaza tebulo lonse, laser yake ya argon yofuna madzi oiziziritsa. Lero akugwiritsa ntchito laser diode yaing'ono ndi timaulusi tagalasi, ndipo Takehiko Kitamori ku Tokyo analowetsa njirayi mu maikulosikopu.

Koma si ntchito yamasewera ayi. Kuwala kuwiriko kuyenera kusongokera pamalo otalikirana pang'ono, mwamuyezo wake. Kukasongokera pamodzi, chizindikiro chimazilala. Kuwala kotenthetsako amakuphethiritsa dala, kuti makina atole chokhacho chogunda pa liwiro lomwelo, zosokoneza zonse n'kuzisiya. Madzi enieni nawo ngovuta: amamwaza kutentha msanga, galasi lija n'kufooka.