Laputopu sigona, imakwirira moto

Mukatseka laputopu ya Linux osaizimitsa, ambiri timangoti "yagona", basi. Ine mawu amenewa ndikuwakana, chifukwa anandidyera masamba asanu a kafukufuku wanga.

Tiyambe ndi chimene chimachitika m'katimo. Mu 1996 makampani a Intel, Microsoft ndi Toshiba anatulutsa ACPI, ndondomeko yomwe imagawa kagwiritsidwe ntchito ka magetsi m'kompyuta kuyambira S0 mpaka S5. Zotikhudza pano ndi ziwiri. Pa S3, purosesa ndi sikirini zimathima, koma RAM imalandirabe timagetsi kuti isataye zimene munatsegula. Pa S4, zonse za mu RAM zimakopedwa pa diski, kenako makina amathimiratu. M'Chingelezi S3 amaitcha sleep kapena suspend, pomwe S4 amati hibernate, potengera nyama za kumaiko ozizira zimene zimabindikira nyengo yonse yachisanu.

Tikamasulira sleep kuti "kugona", fanizolo limatinamiza. Munthu akagona amadzuka ndi mphamvu zatsopano. Laputopu ya pa S3 imadzuka mphamvu zitachepa, ndipo batire likatheratu, chilichonse chimene simunasunge chapita. Ine ndinaitseka Lachisanu magetsi atathima, batire lili kale pansi, mtima uli m'malo kuti ikupuma. Lolemba ndinaipeza ili zii. Suspend, yomwe GNOME imalemba pa menyu yake, nayo sithandiza: kwa mwana wa sukulu kwathu kuno mawuwa amamukumbutsa zobwezedwa kunyumba ndi kalata ya ahedi.

Chonsecho Chichewa chili kale ndi fanizo lake. Zamagetsi timaziyatsa, timazizimitsa, ndipo timati "foni yatha moto". Ndiye bwanji osapitiriza ndi motowo? Wokulira kumudzi akudziwa kukwirira makala ndi phulusa usiku kuti m'mawa angopemerera, moto buu. Akudziwanso kuti pansi pa phulusalo makala akunyekabe, ndipo ukachedwa upeza phulusa lokhalokha. S3 ndi imeneyo ndendende. Wina atandiuza kuti "laputopu yakwirira moto", sindikanaisiya masiku atatu osaichaja.

Pa S4 fanizo silikufunika, komanso zimbalangondo kuno kulibe. "Sunga n'kuzimitsa" akukwana.

Olemba kernel ya Linux pano ndiwayamikire. Mu failo ya /sys/power/state munthu amapezamo mawu ngati mem ndi disk, otchula kumene ntchito yako yasungidwa, osakometsera. Koma nawonso mawu awaterereka. Malaputopu ambiri atsopano alibenso S3. Ali ndi njira ina yomwe Linux imaitcha s2idle, imene purosesa simathimiratu koma imangochepetsa kudya magetsi. Masiku ano mem akhoza kutanthauza S3 kapena s2idle, ndipo kuti mudziwe muyenera kusuzumira mu /sys/power/mem_sleep, momwe S3 imalembedwa kuti deep. Dalaivala imodzi ikangolephera kutontholetsa chipangizo chake, laputopu "yogona" ija mumaitulutsa m'chikwama ikutentha ngati mbatata yootcha, batire litatsika kwambiri. Pa menyu mawu akadali omwe aja, suspend, ngati palibe chasintha. M'Chichewa tikanangoti motowo sunakwiririke bwino, ndipo aliyense akanadziwa kuti chikwamacho asachiiwale.