Bolopeni yofiira siphunzitsa munthu kulemba

Sabata yatha ndinali kumudzi kwa Kanduku. Mlongo wanga wamng'ono, yemwe wangomaliza semesita yake yoyamba pa koleji ina, anabwera ku holide atanyamula chikwama, ndowa ndi nkhope yakugwa. Wakhoza maphunziro onse kupatula limodzi, lija amati Communication Skills. Akuyenera kubwerera msanga kukalemba sapu. Ikamukanikanso sapuyo, ndiye kuti phunzirolo alibwereza, ndipo inu mukudziwa kuti kubwereza ndi ndalama. Kwathu ndalama ya fizi ndi ya thiransipoti imachokera ku manachesi, ndipo manachesi sabereka kawiri pa chaka chifukwa choti mwana walephera Chingerezi.

Madzulo tili pakhonde anandipatsa mapepala awiri, handauti ya kosiyo ndi asayimenti yake yochongedwa. "Achimwene, tawerengani inuyo mumalembalembanu, mundiuze pamene ndinalakwa," anatero. Ndinawerenga zonse ziwiri monga ndimawerengera buku ndikafuna kulilembera ndemanga. Lero ndemanga yanga ndi ya mapepala awiriwo, chifukwa ambiri a inu amene mukuwerenga pafoni pano munadutsamo, kapena mudutsamo posachedwa.

Ndiyambe ndi kunena kuti kosi yotereyi ndi yofunika. Sindili m'gulu la amene amati ingothetsedwa. Ku Malawi kuno Chingerezi ndi chipata: ukachilephera pa MSCE sulandira satifiketi ngakhale masamu utawakhoza ngati mfiti, ndipo kuti usankhidwe ku yunivesite ya boma pamafunika makiredi asanu ndi limodzi, limodzi mwa iwo likhale la Chingerezi. Ukadutsa chipatacho umapeza kuti chimangirizo cha ku sekondale ndi pepala la ku koleji ndi nyama ziwiri zosiyana. N'chifukwa chake ku Chancellor College ku Zomba kunali dipatimenti ya Language and Communication Skills, ndipo makoleji ena ali ndi maphunziro ofanana nawo a chaka choyamba. Cholinga chake ndi chabwino: kumugwira dzanja mwana wochokera ku CDSS ya kumudzi kuti ayende limodzi ndi mnzake wochokera ku Kamuzu Academy. Ndiye nkhani yanga ili pa kaphunzitsidwe kake.

Handauti ndinaiona ili bwinobwino. Ikuti eseyi ili ndi chiyambi, thunthu ndi mathero, zomwe tinaphunzira kale m'Chichewa pa chimangirizo. Ikuti ndime iliyonse iyambe ndi chiganizo chonyamula mfundo. Kenako pali mndandanda wa mawu olumikizira: "firstly", "moreover", "furthermore", "in conclusion". Kumapeto kuli masamba a galamala ndi malamulo a katchulidwe ka mabuku amene wagwiritsa ntchito. Palibe bodza m'menemo. Koma m'masamba onsewo mulibe eseyi ngakhale imodzi yathunthu yolembedwa ndi munthu amene anali ndi kanthu kofuna kunena. Zili ngati kumuphunzitsa munthu kumanga nkhokwe, nsungwi ndi luzi zonse n'kumupatsa, koma osamuuza kuti nkhokwe amaimangira chimanga.

Zotsatira zake ndinaziona mu asayimenti ija. Funso linali loti afotokoze zotsatira za malonda a pamalire pa anthu a m'dera lake. Tangoganizani, mwana wa ku Mwanza kufunsidwa za boda! Iyeyu wakula akuona mathiraki akundondozana pa msewu wa M6 kudikira kuwoloka kupita ku Zobue ndi ku Tete. Akudziwa anyamata osintha makwacha ndi ma metical, akudziwa akabaza, akudziwa amayi ogulitsa manachesi m'mawindo a mabasi a ku Johannesburg. Koma pa pepala pake panalibe thiraki, panalibe nachesi, panalibe munthu. Panali "first and foremost", kenako chiganizo chonena kuti malonda amabweretsa chitukuko, kenako "furthermore", kenako china chonena kuti malonda ali ndi zovuta zake, mpaka "in a nutshell". Ukanachotsa dzina la Mwanza n'kuikapo Mchinji, Dedza kapena Songwe, palibe chikanasintha.

Usiku womwewo, titadya, agogo anamufunsa za mnzake wina amene anasiya sukulu n'kuyamba geni ya pa boda. Mukanamumva mwanayo akufotokoza! Anayamba ndi tsiku limene mnzakeyo anagula foni yoyamba, anafotokoza m'mene ndalama ya msanga imakomera, anatchula mtengo wa katundu uku ndi uko, kenako anatembenuka n'kuonetsa chimene chatayika, ndipo agogo atatsutsa kuti sukulu siidyetsa masiku ano, iye anawayankha mwaulemu koma ndi mfundo. Imeneyo inali eseyi yathunthu, abale: mutu, umboni, mbali ya wotsutsa, mathero. Anaikamba pa mkeka m'Chichewa popanda "moreover" ngakhale mmodzi. Ndiye tisamanamizane kuti ana ngati iyeyu sadziwa kuganiza motsatana. Vuto ndi loti anaphunzira kuti Chingerezi ndi chovala cha ku ukwati, sungapite nacho kumunda, ndiye zimene akudziwa zenizeni amazisiya pakhomo akamalowa m'kalasi.

Tsopano za bolopeni yofiira. Pepala lake linali ngati mbuzi yaphedwerapo. Mizere pansi pa mawu, zozungulira, ndi mawu amodzimodzi m'mbali: "tense", "article", "vague". Sindikuwada alekichala ake. Munthu amene akuchonga mulu wa mapepala wofika m'chiuno sangalembere kalata wophunzira aliyense. Koma nditawerenga zolakwikazo ndinaona kuti zambiri sizinali za ulesi kapena umbuli. Zinali Chichewa chovala jekete.

Analemba "he" ponena za mayi wogulitsa nthochi. Chifukwa chake n'chodziwika: mlowam'malo wathu "iye" sasankha mwamuna kapena mkazi. Analemba "borrow me", chifukwa ife timati "ndibwereke cholembera" komanso "ndabwereka cholembera", mneni mmodzi mbali zonse. Analemba "my father they said", chifukwa mwana woleredwa bwino sanganene kuti "bambo wati", amati "abambo ati", ndipo ulemu umenewo anaunyamula kupita nawo ku Chingerezi komwe ulibe malo. Analemba "discuss about", chifukwa ife timakambirana za chinthu. Tinthu tija "a" ndi "the" ankangotimwaza ngati feteleza, poti m'Chichewa mulibe. Ngakhale kusokoneza l ndi r kuli ndi gwero lake: kwa ife ndi liwu limodzi, ndipo lamulo la kalembedwe limangoti tilembe r patsogolo pa i kapena e, monga "kulira" ndi "kulera".

Mwana yemweyu ali ndi zaka zisanu ankanena kale kuti "chimanga changa chapsa", "dengu langa ladzaza", "mbuzi yanga yathawa", osaphonya mgwirizano wa dzina ndi mneni ngakhale kamodzi. Mzungu wophunzira Chichewa amatuluka thukuta ndi magulu a mayina amenewa. Ndiye munthu wotere sitingamutenge ngati alibe galamala m'mutu. Ali nayo imodzi yamphamvu, ndipo ikulimbana ndi yachiwiri. Kumulembera "article" m'mbali mwa pepala kuli ngati dokotala kumuuza wodwala kuti "mukudwala" n'kumutulutsa.

Maganizo amenewa si anga ndekha. Mu 1970 City University of New York inatsegula zitseko kwa aliyense womaliza sekondale mu mzindawo, ndipo aphunzitsi anadzidzimuka ndi kalembedwe ka ophunzira atsopanowo. Mphunzitsi wina, Mina Shaughnessy, anakhala pansi n'kuwerenga mapepala awo masauzande, ndipo mu 1977 anatulutsa buku lotchedwa Errors and Expectations. Mfundo yake yaikulu inali yoti zolakwika za wophunzira zimakhala ndi dongosolo lake, ndipo mphunzitsi akalipeza dongosololo ndiye kuti wapeza poyambira. Ngati zinali choncho kwa ana amene ambiri mwa iwo anakula akuyankhula Chingerezi, kuli bwanji ife amene tinakumana nacho pa bolodi?

Paja mbiri yathu ndi iyi: kuyambira 1968 Chichewa chinakhala chiyankhulo cha fuko, Chingerezi n'kukhala cha m'maofesi. Ambirife tinaphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, kenako mu Sitandade 5 zonse n'kutembenukira ku Chingerezi mwadzidzidzi. Lamulo la maphunziro la 2013 linati Chingerezi ndicho chikhale chophunzitsira, ndipo mu 2014 unduna unalengeza kuti izi ziyambire Sitandade 1, koma aliyense amene wadutsa pafupi ndi windo la kalasi ya kumudzi akudziwa kuti aphunzitsi amasakaniza, apo ayi ana sangamve kanthu. Timakula ndi ziyankhulo ziwiri m'kamwa, ena zitatu, monga kuno kufupi ndi malire komwe mawu a Chipwitikizi amamveka pamsika. Chodabwitsa n'choti kosi imene inapangidwira anthu otere imachita ngati chiyankhulo choyambacho kulibe. Mu handauti yonse ija mawu oti Chichewa sanatchulidwemo.

Chachitatu chimene ndinachisowa ndi kulembanso. Asayimenti inaperekedwa kamodzi, inachongedwa kamodzi, malikisi n'kulowa m'buku, basi. Koma funsani aliyense amene amalemba, akuuzani kuti cholemba choyamba ndi mgaiwa wosasefa. Nkhani mukuwerengayi ndailemba katatu. Wophunzira akalandira pepala lofiira popanda mwayi wolikonza, chimene amaphunzira ndi mantha. Ndipo mantha masiku ano ali ndi kothawira: kutsegula ChatGPT, kulemba funso, kukopera. Chimatuluka ndi Chingerezi chosalala chopanda cholakwa, komanso chopanda Mwanza. Chomvetsa chisoni n'choti eseyi ya makina ndi imene handauti ija ikufuna zikufanana kwambiri. Ngati foni ingakhoze kosi yako popanda kudziwa kumene ukuchokera, kosiyo ikuyesa chinthu cholakwika.

Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanasintha zinthu zitatu zokha, zosafuna ndalama zambiri. Choyamba, sabata ziwiri kapena zitatu zoika Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao pambali pa Chingerezi, kuti wophunzira aone ndi maso ake pamene ziwirizo zimasemphana. Chachiwiri, asayimenti imodzi yolembedwa katatu, anzako akuiwerenga m'magulu, m'malo mwa zitatu zolembedwa kamodzikamodzi. Chachitatu, kuwerenga Amalawi amene analemba Chingerezi chabwino osataya kwawo. Legson Kayira ananyamuka wapansi mu 1958 kulowera kumpoto mpaka anafika ku Khartoum, kenako anakaphunzira pa Skagit Valley College ku America, ndipo mu 1965 anatulutsa I Will Try. Ziganizo zake ndi zazifupi, zomveka, zodzaza ndi zinthu zogwirika, ndipo mwana wa chaka choyamba angaphunziremo zambiri kuposa mu mndandanda wa "furthermore". Jack Mapanje ndi anzake a Writers Group, yomwe inayamba mu 1970 pa Chancellor College, ankakulitsana powerengerana zolemba ndi kudzudzulana. Njirayo tinali nayo kale m'dziko muno.

Pali amene anganditsutse kuti ku ntchito bwana sadzafunsa chifukwa chimene walembera "he" m'malo mwa "she", adzangoona kuti kalata yako ndi yolakwika. Zoona, ndipo ine sindikuti zolakwika zizisiyidwa. Mlongo wanga akuyenera kudziwa "lend" ndi "borrow", ndipo adziwa. Ndikungoti munthu amasiya msanga cholakwa akadziwa kumene chikuchokera. Ena anganene kuti makalasi ndi aakulu kwambiri moti zimene ndikunenazi ndi maloto. Apa ndilibe yankho lokwanira, ndivomere. Magulu a ophunzira okhaokha angathandize, koma sangalowe m'malo mwa mphunzitsi amene ali ndi nthawi, ndipo nthawiyo imagulidwa ndi ndalama zimene makoleji athu amati alibe.

Pakadali pano sapu siidikira kuti silabasi isinthe. Ndiye ife tinachita zathu. Ndinamuuza ajambule pafoni zimene anawauza agogo zija, m'Chichewa momwemo. M'mawa mwake anamvetsera, n'kulemba mfundo zinayi pa pepala. Kenako anazilemba m'Chingerezi, ndime imodzi pa mfundo, ndipo ndinamuletsa mawu olumikizira onse mpaka atamaliza. Pomaliza tinatenga kope n'kulemba zolakwika zake zisanu zobwerezabwereza, chilichonse ndi Chichewa chake pambali, kuti aziziyang'ana asanapereke pepala lililonse. Yesani inunso, ngati muli m'madzi omwewa.

Eseyi yatsopanoyo inayamba ndi mayi wina ataima pansi pa windo la basi ndi beseni la manachesi pamutu, akuwerengera chenji m'ndalama za mayiko awiri. Inali ndi zolakwika zisanu ndi ziwiri, ndinaziwerenga. Koma ndinaiwerenga mpaka kumapeto osayasamula. Iye anayang'ana pepalalo kwa kanthawi n'kufunsa, "Koma achimwene, zoterezi amalola?"

Funso limenelo landisowetsa tulo. Zaka khumi ndi ziwiri za sukulu ndi semesita imodzi ya ku koleji, ndipo mwana akufunsa ngati n'zololedwa kulemba zimene akudziwa. Wakwera minibasi Lolemba. Zotsatira za sapu zikatuluka ndidzakuuzani, kaya zikhale zotani.